Kayendetsedwe ka gulu la othyola tiyi m'nyengo ya dzinja

Ku Mulanje ndi ku Thyolo tiyi wochuluka amatuluka pakati pa Disembala ndi Epulo. Mvula ikangokhazikika, munda umene mu Okotobala unali zii umayamba kuphuka mofulumira kuposa manja a anthu, ndipo apa ndi pamene zimadziwika ngati woyang'anira amatha kugawa ntchito. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi gulu la othyola m'manja mwake, kaya ndi kapitawo watsopano pa esiteti, kaya ndi mlimi wa m'bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga Sukambizi, Thuchila kapena Msuwadzi, amene walemba aganyu asanu kapena khumi. Chofunika kuchimvetsa musanayambe n'chakuti nthawi ya ntchitoyi simuika ndinu. Imaikidwa ndi mtengo wa tiyi umene ukuphuka, ndi galimoto yodzatenga masamba. Udindo wanu ndi kukonza anthu kuti akwane pakati pa ziwirizi.

Yambani ndi kuwerenga munda, anthu pambuyo

Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti ndili ndi anthu angati. Funso loyamba likhale lakuti munda wonse uyenera kuthyoledwa m'masiku angati kuti mubwerere pamene munayambira nsonga zisanakhwime. Imeneyi ndiye raundi. M'dzinja, pa kutentha ndi chinyezi, raundi imakhala pakati pa masiku 7 ndi 11 malinga ndi mtundu wa tiyi ndi malo. Mitundu yochokera ku Tea Research Foundation ku Mimosa, monga PC 108 ndi SFS 150, siphuka mofanana ndi tiyi wakale wa njere, ndipo munda wa m'mphepete mwa phiri suphuka ngati wa kuchigwa. Funsani alangizi a kampani imene imakugulani masamba kuti raundi yoyenera munda wanu ndi ya masiku angati, kenako igwireni osaisinthasintha.

Mukadziwa raundi, yendani m'munda ndi kope. Werengani mizere yonse, muipatse manambala, ndipo zikani zikhomo zolembedwa ndi penti pa mzere uliwonse wachikhumi. Kenako gawani motere. Tinene kuti muli ndi mizere 120 ndipo raundi ndi ya masiku 10. M'masiku khumiwo muli Lamlungu limodzi kapena awiri, ndipo mvula yamphamvu idzakudyerani tsiku lina. Musawerengere masiku 10 ogwira ntchito, werengerani 8. Mizere 120 kugawa kwa masiku 8 ndi mizere 15 pa tsiku. Thyolani mizere itatu yoyesera, umodzi wa pamalo achonde, umodzi wa pakati, umodzi wa poguga, muyeze pa sikelo. Ngati mzere ukupereka makilogalamu 12, ndiye kuti tsiku lililonse pali makilogalamu 180 oti achoke m'munda. Wothyola wozolowera akamabweretsa makilogalamu 40 a masamba abwino, mukufunika anthu asanu. Tsopano ndi pamene mungayambe kufunafuna anthu.

Kuyesaku kubwerezeni sabata iliyonse kapena ziwiri. Mzere wopereka makilogalamu 12 kumayambiriro kwa Disembala ungapereke ochuluka kwambiri mu Januwale, ndipo mukakakamira anthu asanu omwewo mudzangoona mwatsalira ndi masiku atatu osadziwa kuti zayamba liti.

Kwa mlimi wa munda waung'ono, wosafika ngakhale theka la hekitala, kuthyola tsiku ndi tsiku n'kutaya nthawi. Gawani munda pawiri kapena patatu mogwirizana ndi masiku amene kalaliki wa kampani yogula masamba amabwera ku shedi ya kwanu, malo oyezerapo masamba, ndipo mugwirizane ndi alimi anzanu kuti gulu limodzi la aganyu lizizungulira minda yanu mosinthana. Aganyu amakhazikika akakhala ndi ntchito ya sabata yonse m'dera limodzi.

Nthawi iwerengeni kuchokera pa sikelo kubwerera m'mbuyo

Tsamba la tiyi likangochoka pamtengo limayamba kusintha. Likakhala nthawi yaitali, makamaka litapanikizidwa, limatentha ndi kufiira, ndipo kufakitale tsamba lofiira amalikana kapena kulidula mtengo. Choncho ola lofunika kwambiri pa tsiku ndi limene galimoto kapena thirakitala imafika.

Tinene kuti galimoto imafika 11 koloko. Kuchokera kumunda kufika ku shedi ndi dengu pamutu ndi mphindi 20. Kusankha masamba, kuchotsa zokhwima ndi zinyalala kumafuna mphindi zina 20. Ndiye kuthyola kuyenera kuima cha m'ma 10:15, osati pamene mwamva kulira kwa injini. Ngati anthu anu amafunika maola anayi ndi theka kuti amalize ndime ya tsikulo, ayenera kukhala ali m'mizere isanakwane 6 koloko. Zikachitika kuti ndime siingathe m'maola amenewo, pali njira ziwiri zokha: kuwonjezera anthu, kapena kusiya gawo lina kuti lipite pa sikelo yamasana ngati kwanuko amayeza kawiri. Kuthamangitsa anthu si njira, chifukwa munthu wothamangitsidwa amangokolola chilichonse chimene dzanja lagwira.

Madzulo aliwonse konzeranitu za mawa. Mphindi khumi zokha: mizere ya mawa ndi kuyambira nambala yanji, ndani wanena kuti sabwera, madengu ndi nsalu zoyalira masamba zilipo zingati, ndodo zoyezera tebulo (pamwamba posalala pa mitengo ya tiyi pamene amathyolapo nsonga) zili kuti. Kapitawo amene amayamba kufunafuna madengu m'mawa anthu atafika kale wataya theka la ola la munthu aliyense, ndipo pa anthu khumi amenewo ndi maola asanu a ntchito.

Aliyense akhale ndi mizere yake

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo tichedwapo pang'ono. Pali njira ziwiri zolowetsera anthu m'munda. Yoyamba ndi kuwasiya kuti aliyense atenge mzere umene wafikapo. Yachiwiri ndi kupatsa munthu aliyense mizere yodziwika imene adzibwererako raundi iliyonse. Njira yachiwiri ndiyo yabwino, ndipo chifukwa chake chili pa mtengo weniweniwo.

Wothyola amene akudziwa kuti sadzabwereranso pa mzerewo amatenga ndi tinsonga tating'ono tomwe, timene tikanakula n'kudzalemera pa raundi yotsatira. Amathyolanso mozama, kudya masamba a pansi pa tebulo amene amadyetsa mtengo. Lero dengu lake lalemera, koma raundi ziwiri zikubwerazo munda upereka zochepa, ndipo simudzadziwa amene anawononga. Koma munthu akadziwa kuti mizere imene wapatsidwa ndi yake mpaka Epulo, amasiya yekha nsonga zosakula, chifukwa akudziwa kuti ndi ndalama zake za sabata yamawa. Simufunikanso kuima kumbuyo kwake.

Pogawa mizere, musapatse munthu mmodzi malo achonde okhaokha. Munda uliwonse uli ndi potsetsereka, pamiyala, pamthunzi ndi pamene tiyi anafa n'kusiya mipata. Sakanizani kuti aliyense akhale ndi pabwino ndi povuta, ndipo gawani anthu onse akuona. Ngati pali kukayikirana, lembani manambala pa timapepala aliyense atole yekha. Kukondera pogawa mizere, makamaka kukondera mbale kapena munthu wa mumpingo mwanu, kumapha gulu msanga kuposa malipiro ochepa. Ndipo tinene mosabisa: kapitawo amene amagwiritsa ntchito mizere yabwino kapena lonjezo la ntchito pofuna kunyengerera amayi a m'gulu lake akuchita nkhanza, ndipo ndi mlandu. Amayi ayenera kudziwa munthu wina, woposa kapitawoyo, amene angakamudandaulire.

Watsopano musamuponye yekha. Muikeni pa mzere woyandikana ndi wothyola wakale wodekha kwa raundi imodzi yathunthu, ndipo musamuyembekezere kuti afike pa makilogalamu a anzake m'sabata yoyamba. Chimene akuphunzira poyamba ndi diso: kuzindikira nsonga yokhala ndi masamba awiri kapena atatu anthete, kuzindikira nsonga imene yasiya kukula yoyenera kuchotsedwa kuti pabwere ina, ndi kusunga tebulo lofanana ndi ndodo imene waigoneka pamwamba pa mitengo. Liwiro la manja awiri limabwera lokha pambuyo.

Onani masamba ola loyamba lisanathe

Cholakwika chofala ndi kudikira mpaka ku shedi kuti muone zimene anthu athyola. Pamenepo madzi afika kale m'khosi, ndipo chotsatira ndi mkangano pamaso pa kalaliki. Ola loyamba lisanathe, pitani kwa munthu aliyense, tapani masamba odzaza dzanja kuchokera pakati pa dengu, osati pamwamba. Yalani pansalu, patulani nsonga zabwino mbali imodzi, zokhwima, zothyokathyoka ndi timitengo mbali ina. Werengani. Ngati pa nsonga 50 mwapeza 20 zoipa, munthuyo akuthyola zoti zikakanidwa. Fakitale iliyonse ili ndi mlingo wake wa masamba abwino umene imalandira. Udziweni, ndipo gulu lanu muliikire mlingo wokwerako pang'ono kuti pakhale mpata.

Podzudzula, muitanireni munthu pambali ndipo muonetseni tsambalo m'malo mom'nena. "Achemwali, taonani nsonga iyi, masamba ake ndi anayi ndipo tsinde lauma. Tiyeni tiithyolere apa." Kwa munthu wamkulu kuposa inu, ulemu usachoke chifukwa choti muli ndi kope m'manja: "Bambo, pepani, tebulo lanu likukwera mbali ya kumtunda, tiyeni tigonekeponso ndodo." Kukalipira munthu pagulu kumam'chititsa kubisa zolakwa, ndipo amayamba kuika masamba abwino pamwamba, oipa pansi.

Yang'ananinso mmene akudzazira madengu. Munthu amafuna kuchepetsa maulendo, ndiye amapondereza masamba ndi dzanja kapena bondo. Lowetsani dzanja pakati pa dengu: mukamva kufunda, masambawo ayamba kupsa. Konzani malo amthunzi pafupi pamene angakhuthulire msanga, ndipo masamba ayalidwe mopyapyala, osaunjika mulu. Kufakitale makilogalamu pafupifupi 5 a masamba aawisi ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma wopita ku okushoni ku Limbe, ndiye tsamba lililonse lopsa limaonekera pa mtundu wa tiyi, ndipo ogula salekerera.

Sikelo ndi kaundula

Anthu amapirira zambiri, koma sapirira kukayikira sikelo. M'mawa uliwonse, onse akuona, kolekani dengu lopanda kanthu kuti adziwe kulemera kwake kumene kudzachotsedwe. Sungani chinthu chodziwika kulemera, monga chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, chimene chimalemera makilogalamu 5 ndi pang'ono pa chigubucho, muziyesera sikelo. Poyeza, tchulani nambala mokweza, mwini dengu aione ndi maso ake, ndipo ilembedwe nthawi yomweyo m'malo awiri: m'kaundula wanu ndi pa khadi limene wothyola amasunga yekha. Tsiku la mvula, pamene ogula amadula makilogalamu chifukwa cha madzi a m'masamba, auzeni anthu mlingo wa kudulako musanayeze, ndipo ukhale umodzi kwa onse.

Kaundula akhale wosavuta: tsiku, dzina, mizere, makilogalamu, ndi kachizindikiro ka mtundu wa masamba. Ntchito yake si yowerengera malipiro yokha. Loweruka lililonse muwerengeni kuchokera pamwamba. Munthu amene makilogalamu ake atsika masiku atatu otsatizana kawirikawiri si waulesi. Mwina akudwala malungo, mwina kunyumba kulibe chakudya, mwina mizere yake yagwidwa ndi tizilombo toboola nsonga, zimene muyenera kuzidziwa msanga. Gawo la munda limene likutsika kwa anthu onse likukuuzani za feteleza kapena udzu.

Za malipiro, gwirizanani zonse ntchito isanayambe: mtengo pa kilogalamu kapena pa tsiku, mgwazo wake ndi wotani, tsiku lolipira ndi liti, ndipo ngati mukulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama yotapira ilipira ndani. Alimi ang'onoang'ono ambiri amalandira ndalama za masamba pakutha pa mwezi pamene aganyu amafuna zawo pa sabata. Mpata umenewu ukonzekereni mu Okotobala, posunga kapena kudzera ku banki m'khonde, chifukwa mukalephera kulipira Loweruka limodzi mu Januwale, Lolemba mudzapeza anthu anu ali m'munda wa mnzanu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito wamba, ndipo maola oonjezera amalipiridwa mokwera. Lamulo lomwelo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Amene mumagulitsa pansi pa Fairtrade kapena Rainforest Alliance, mabungwe opereka ziphaso kwa alimi otsatira malamulo awo, oyendera ochokera kumeneko amaona zimenezi, ndipo mwana mmodzi wopezeka akuthyola nthawi ya sukulu angaike bungwe lonse m'mavuto.

Kujomba kulipo, kuwerengereni

Miyezi imene tiyi amachuluka ndi yomweyo imene anthu akupalira ndi kubandira chimanga chawo, ndi yomweyo ya malungo, ndi yomweyo imene nkhokwe zambiri zatha. Onjezani maliro, masiku a msika ku Limbuli, Chitakale, Luchenza kapena Bvumbwe, ndi sikelo ya ana kuchipatala. Kapitawo amene amakonza ntchito ngati anthu onse adzabwera tsiku lililonse akudzinamiza. Pa anthu asanu alionse khalani ndi mmodzi wapadera wodziwa kuthyola amene mungamuitane pafoni madzulo. Pemphani gulu kuti amene sabwera mawa anene lero, ndipo wonena msanga musamulange, apo ayi adzasiya kunena. Ndi bwino kugwirizana poyera kuti aliyense akhale ndi tsiku lake lopita kumunda kwake, mosinthana, kusiyana ndi kuti onse asowe tsiku limodzi mvula itagwa bwino.

Madzi akumwa akhale pafupi, ndipo ngati ntchito ipitirira mpaka masana, phala kapena chakudya china chikhalepo. Munthu wanjala manja amalemera ikamakwana 9 koloko. Kukayamba ziphaliwali, tulutsani anthu m'munda, ndipo asabisale pansi pa mitengo italiitali. Tsiku lotayika lija munaliwerengera kale pogawa mizere.

Sankhaninso wachiwiri wanu pakati pa othyola, munthu amene anzake amamumvera, ndipo m'phunzitseni kulemba kaundula ndi kuyesa masamba. Tsiku limene mwaitanidwa ku msonkhano wa bungwe kapena mwadwala, ntchito isaime. Mukam'patsa udindo, musamusinthire zimene wagamula pamaso pa anthu. Ngati walakwitsa, kambiranani awiri madzulo.

Ntchito zina zidikire nthawi yake

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa chimake cha dzinja manja odziwa kuthyola azithyola basi. Kudulira tiyi ndi ntchito ya nyengo yozizira, pamene mitengo yachepetsa kuphuka ndipo chiperoni chikusunga chinyezi. Kukonza ngalande, milambala, njira ndi denga la shedi kuthe mvula isanayambe. Anthu a kuno sanaiwale mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi milatho mu Malichi 2023, ndiye dziwiranitu shedi ina imene mungapititseko masamba galimoto ikalephera kufika kwanu. Kupalira ndi kuthira feteleza, zimene sizingapewedwe m'dzinja, zipatseni anthu ena, kapena zichitike masana pa gawo limene langothyoledwa kumene. Ngati mwapopera mankhwala, lembani tsiku pa chikhomo cha gawolo ndipo tsatirani masiku odikira olembedwa pa botolo musanalowetsemo othyola.

Mukatsalira pa raundi

Zidzachitika, mwina chifukwa cha mvula ya masiku atatu kapena maliro a pamudzi. Ambiri amatenga gulu lonse n'kupita nalo ku gawo lochedwa, kenako gawo lotsatira nalonso lachedwa, ndipo munda wonse umakhala wochedwa mpaka nyengo kutha, masamba onse ali okhwima. Chitani mosiyana. Gulu lanu la nthawi zonse lipitirize pa gawo limene tsiku lake lakwana lero, kuti masamba ake apite ali abwino. Gawo lochedwa lipatseni anthu apadera aja, ndi ena amene mungabwereke kwa alimi anzanu, kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Pa gawo lochedwalo kathyoledwe kamasintha. Nsonga zatalika, zina zili ndi masamba anayi kapena asanu. Wothyola atenge kumtunda kwanthete kokha n'kuika m'dengu, kenako athyole chotsalacho kufika pa tebulo n'kutaya pansi. Akasiya zitsinde zimenezo, tebulo limakwera mosalingana ndipo raundi yotsatira nsonga zimabisala. Ntchito imeneyi ndi yochedwa ndipo makilogalamu ake ndi ochepa, choncho anthu amenewa alipireni pa tsiku, osati pa kilogalamu. Mukawalipira pa kilogalamu adzaponya zitsinde zonse m'dengu. Masamba a gawoli muwayale ndi kuwayeza paokha, osasakaniza ndi a gawo labwino, kuti ngati kalaliki awakana asakane katundu wa tsiku lonse. Kenako lembani m'kaundula tsiku limene gawolo lathyoledwa, chifukwa raundi yake yatsopano iyambira pamenepo, ndipo mizere ya masiku otsatira muigawenso madzulo omwewo.